Sinowo wasungunuka msanga ku Michigan: ndidzale kapena ndidikire?

Mlungu watha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu amene anasamukira ku Grand Rapids, m'chigawo cha Michigan ku America, chaka chathachi. Andilola kuwayankha pano. Kalata yawo ndaifupikitsa motere:

"Anandiuza kuti kuno sinowo amafika mpaka Epulo. Koma Marichi atangoyamba wasungunuka yense, dzuwa likuwala ngati kwathu, ndipo papita milungu iwiri mvula osagwa. Ine ndakondwa, majekete ndapinda kale. Koma mnzanga wa kuntchito, amene makolo ake ali ndi munda wa maapozi, akungopukusa mutu. Chikumudetsa nkhawa n'chiyani? Ndiponso ndili ndi mbewu ya chimanga, maungu ndi bonongwe, kuseri kwa nyumba kuli kamalo. Ndidzale?"

Achemwali, musadzale kaye. Kukondwa kwanu ndikukumvetsa, chifukwa munthu amene watha miyezi inayi akupala sinowo pagalimoto m'mawa uliwonse, dzuwa loyamba limamufika pamtima. Otherani ndithu. Koma mbewuyo ikhale m'botolo.

Inu a ku Ntcheu mukuidziwa mvula ya chizimalupsa. Imagwa mu Okutobala, fumbi n'kugona, dothi n'kununkhira, ndipo chaka chilichonse pamakhala wina amene mtima umamuthamanga n'kukadzala. Chimanga chimamera bwinobwino, kenako kumabwera ng'amba ya milungu itatu n'kuchipsereza. Kutentha kumene mukukuona ku Michigan mu Marichi n'chimodzimodzi: kwabwera, koma nyengo yake sinakwane, ndipo kuzizira sikunatsanzike. Kusiyana kwake n'kwakuti mlimi wa chimanga amene wapusitsidwa ndi chizimalupsa amatha kupempha mbewu kwa mnansi n'kudzalanso. Mtengo wa maapozi umachita maluwa kamodzi pachaka. Akapsa, chaka chonse chapita. Nkhawa ya mnzanuyo ili pamenepo.

Ndinali kumadzulo kwa Michigan mu 2012, ndipo aliyense wolima zipatso kumeneko chaka chimenecho sangachiiwale. Pa Marichi wamba, masana ku Grand Rapids kumafika madigiri pafupifupi 7, kuwerengera mmene timayezera kwathu. Pakati pa Marichi 2012 kunatentha masiku otsatizana, ndipo pa 21 madera ena a Michigan anafika madigiri 30. Ku Chicago, tsidya lina la nyanja ya Michigan, mwezi umenewo unali ndi masiku 8 amene kutentha kunafika madigiri 27 kapena kuposa, chimene iwo pa muyezo wawo amati 80. Kuyambira pomwe anayamba kusunga kaundula wa nyengo mu 1895, dziko la America linali lisanaonepo Marichi wotentha chotero. Anthu anatuluka ndi makabudula, kuotcha nyama panja, ana kusewera opanda nsapato. Inenso ndinakondwa nawo.

Mitengo nayo inakhulupirira. Mtengo wa maapozi kapena wa matcheri (tizipatso tating'ono tofiira) ukayoyola masamba umagona tulo, ndipo sudzuka mpaka utalandira kuzizira kokwanira. Kuzizirako kukakwana, umangodikira kutentha. Sudziwa kalendala. Ukamva kufunda kwa masiku angapo, madzi amayamba kuyenda m'nthambi, timaso timafufuma, maluwa n'kutuluka. Chaka chimenecho mitengo inadzuka patatsala mwezi wathunthu, kwina kuposa, kuti nthawi yake ikwane.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse, ndiye ndifotokoze pang'onopang'ono. Diso la mtengo likakhala m'tulo limapirira kuzizira koopsa, ngakhale madigiri 20 pansi pa ziro silifa. Likangoyamba kufufuma mphamvu imeneyo imachepa tsiku ndi tsiku. Duwa likatseguka, madigiri 2 pansi pa ziro kwa theka la ola amapha duwa limodzi pa khumi alionse. Kukafika madigiri 4 pansi pa ziro, amafa 9 pa 10. Ziwerengero zimenezi alangizi a zaulimi a ku Michigan State University amazigawa kwa alimi, ndipo mlimi aliyense wa zipatso amazidziwa pamtima monga mmene ife timadziwira mtengo wa thumba la feteleza. Madigiri awiri okha ndi amene amasiyanitsa chaka cha zokolola ndi chaka cha ngongole. Ndipo usiku wozizira chotero mu Epulo si chachilendo ku Michigan. Umabwera pafupifupi chaka chilichonse, kungoti nthawi zambiri umapeza mitengo isanatsegule maluwa.

Mu 2012 unapeza maluwa ali poyera. Kutentha kutatha, chisanu chinabwerera usiku ndi usiku, kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Epulo. Alimi analimbana nacho. M'minda yambiri muli makina okhala ngati fani yaikulu pamwamba pa mzati wautali. Usiku wopanda mphepo mpweya wozizira umagona pansi, wofundirako uli pamwamba pake, ndiye makinawo amatakasa kuti wofundawo utsike. Ena anayatsa moto m'mizere, ena anachita kulipira helikopita kuti izizungulira pamwamba pa munda mbandakucha. Zimenezi zimakweza kutentha ndi madigiri ochepa chabe, ndipo kuchita zimenezo usiku wambiri kumadya ndalama ndi tulo.

Bambo wina wachikulire amene tinkapemphera naye limodzi anali ndi munda kumpoto kwa Grand Rapids, kumapiri ang'onoang'ono amene amatchedwa Fruit Ridge. Loweruka lina kumapeto kwa Epulo ananditenga kukaona. Kuyang'ana patali munda unali wokongola, maluwa mbuu, ndipo ndinawauza kuti apulumuka. Sanayankhe. Anathyola duwa limodzi, kutulutsa kampeni m'thumba, kulidula pakati n'kundipatsa m'manja. Pakatikati, pamene pamayambira chipatso, payenera kukhala pobiriwira. Panali pakuda ngati pagwera phulusa la ndudu. Anadula lina, n'kudulanso lina, mpaka khumi ndi awiri, akuwandandalika pabonati ya galimoto. Lobiriwira linali limodzi. Anapinda kampeni kaja, kukabwezera m'thumba, n'kundifunsa ngati ndingamwe khofi. Kuyambira tsiku limenelo dzuwa la Marichi sindilionanso mmene ndinkalionera kale.

Chaka chabwino Michigan imakolola maapozi opitirira mabushelo 20 miliyoni, bushelo imodzi kukhala pafupifupi makilogalamu 19. Mu 2012 sanafike 3 miliyoni. Matcheri owawasa, amene Michigan imalima pafupifupi magawo atatu mwa anayi a dziko lonse la America, makamaka kuzungulira Traverse City, anaonongeka pafupifupi 90 pa 100, moti makampani ena anachita kuitanitsa matcheri ku Poland. Tsidya la malire ku Ontario, m'dziko la Canada, maapozi ambiri anapita chimodzimodzi. Ndimaganiziranso anthu amene nkhani zimawadumpha: mabanja othyola zipatso amene amabwera chaka ndi chaka kuchokera ku Texas, Florida ndi Mexico, ogwira ntchito m'nyumba zosankhira ndi kulongedza, oyendetsa malole. Mwini munda akhoza kukhala ndi inshulansi. Waganyu alibe.

Mwina mungafunse kuti nanga analimiranji zipatso pamalo ozizira chotero. Yankho ndi nyanja ya Michigan, imene ili kumadzulo kwanu, mtunda wosakwana ola limodzi pagalimoto. Mphepo yambiri imachokera kumadzulo, n'kuwoloka nyanjayo isanafike kwa inu. M'nyengo yozizira imatola chinyezi pamadzi n'kudzakhuthula sinowo wambiri kugombe la kwanuko. Nyengo yozizira ikamatha, madziwo amakhala adakali ozizira kwambiri, ndiye mphepo yochokera kumeneko imachedwetsa kufunda, mitengo n'kugonabe mpaka chisanu choopsa chitadutsa. Minda ya zipatso inandanda m'mbali mwa nyanja chifukwa cha kuchedwa kumeneku. Kuzizira kwa Marichi kumene kumatitopetsa ndi kumene kumateteza maapozi. Mu 2012 mphepo ya mlengalenga inakhota, mpweya wotentha wochokera kummwera, cha ku Gulf of Mexico, unakwera kumpoto n'kukhazikika masiku ambiri, ndipo nyanja sinathe kuuletsa.

Mwatchulanso kuti mvula sikugwa. Musachione chaching'ono chimenecho. Kutentha ndi kuuma zimakokana. Sinowo woyera amabweza kuwala kwambiri kwa dzuwa kumwamba, ndipo kotsalako kumathera pomusungunula. Akachoka, dothi lakuda limamwa dzuwa lonse, ndipo likauma limatentha msanga kuposa lonyowa. Koma kumwamba kopanda mitambo komweko ndi kumene kumabweretsa chisanu usiku, poti kutentha kwa masana kumathawa popanda chokuphimba. Kumbukirani ku Ntcheu kapena ku Dedza mu Juni ndi Julayi: usiku wozizira koposa ndi uja nyenyezi zili ngwee, mphepo ili zii, m'mawa kupeza masamba a m'dimba la m'dambo atapsa. Ku Michigan n'chimodzimodzi. Masana otentha ndi ouma mu Marichi kapena Epulo nthawi zambiri amayenda ndi usiku woluma.

Sinowo ndi nkhokwe ya madzi. Akamasungunuka pang'onopang'ono amadyetsa dothi, madambo ndi mitsinje kwa milungu yambiri. Kumadzulo kwa America ndi kumene izi zimaonekera poyera. Pa 1 Epulo 2015 bwanamkubwa wa California, Jerry Brown, anakaima pamalo oyezera sinowo m'mapiri a Sierra Nevada, pamene nthawi ngati imeneyo sinowo amakhala wofika m'khosi. Anaima pa udzu wouma. Sinowo wa m'mapiri onse anali 5 pa 100 ya mlingo wake, ndipo tsiku lomwelo analamula kuti mizinda ichepetse madzi ndi 25 pa 100. Michigan ili ndi nyanja ndi mvula yambiri, choncho sifika msanga pamenepo. Komabe 2012 yomweyo inatsatidwa ndi chilala chachikulu m'madera olima chimanga a pakati pa America, mtengo wa chimanga unakwera kuposa kale lonse mu Ogasiti, ndipo pofika Januwale 2013 madzi a nyanja za Michigan ndi Huron anatsika kuposa mmene anayamba aonekerapo m'kaundula. Sindikunena kuti Marichi wotentha ndiye anabala zonsezo yekha, koma dothi linalowa m'chilimwe lili kale ndi ludzu.

Palinso moto. Sinowo akachoka, udzu ndi masamba a chaka chatha zimatsala poyera, zouma, msipu watsopano usanamere. N'chifukwa chake ku Michigan moto wolusa umachuluka mu Epulo ndi Meyi. Mu Meyi 2012 moto wa ku Duck Lake, kumpoto kwa chigawochi, unatentha maekala oposa 20,000. Ife tinazolowera kusesa pabwalo n'kuyatsa zinyalala madzulo. Kumeneko musayerekeze musanafunse, chifukwa m'mizinda yambiri n'zoletsedwa ndipo kumidzi pamafunika chilolezo. Nkhupakupa nazonso zimadzuka kukangofunda, ndipo zina zimafalitsa matenda a Lyme, choncho mukayenda m'tchire kapena mu udzu wautali muzidziyang'ana m'miyendo pobwera, ana makamaka.

Kodi ndi kusintha kwa nyengo? Kukhota kwa mphepo kotere kunkachitika ndi kale, ndipo mlungu umodzi wotentha sungakhale umboni pawokha. Koma dziko likufunda, nyengo yophukira mitengo ikufulumira m'madera ambiri a kumpoto, pamene usiku wachisanu wa Epulo sunasiye kubwera. Kwa ine, mlimi wa maapozi amene akudandaula kuti nyengo yasokonekera akunena zomwezo zimene amanena amayi anga akamati mvula ya masiku ano sidziwikanso mutu wake, ndipo onse awiri ndimawakhulupirira.

Tsopano kamunda kanu. Chimanga chimafuna dothi lofunda madigiri 10 kupita m'mwamba kuti chimere, ndipo dothi limachedwa kufunda kuposa mpweya. Mukachikwirira lero chikhoza kuolera pansi, kapena kumera n'kupsa ndi chisanu. Maungu ndi bonongwe ndi amantha kuposa chimanga, chisanu chochepa chabe chimawagwetsa. Kwanuko chisanu chomaliza chimatha kugwa mpaka mu Meyi, ndiye anthu ambiri amadikira tchuthi cha Memorial Day, Lolemba lomaliza la Meyi, kuti atulutse tomato, maungu ndi zina zosapirira kuzizira. Chimanga mukhoza kudzala chapakati pa Meyi. Musaope kuti muchedwa: masiku a Juni ndi Julayi kumeneko ndi aatali, dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku, ndipo nkhwani zimayanga mofulumira moti mudzagawirako anzanu.

Ngati manja akuyabwa, zilipo zimene zimakonda kuzizira. Dothi likafewa, kumapeto kwa Marichi kapena mu Epulo, fesani mpiru, repu, sipinachi, nsawawa ndi anyezi. Muzithirira, poti kwauma. Mukamva kuti usiku kugwa chisanu choopsa, phimbani ndi chinsalu chakale dzuwa lisanalowe, m'mawa n'kuvundukula. Bonongwe mukhoza kumufesa m'timakapu pazenera la m'nyumba kumapeto kwa Epulo, kudzawokera panja Meyi akamatha. Majekete aja musawaike kutali.

Mnzanu wa kuntchito mukamuona mawa, mufunseni kuti timaso ta mitengo ya makolo ake tafika pati, tidakali totseka kapena tayamba kuonetsa kansonga kobiriwira. Adzadziwa kuti mwamva chimene chikumuvuta. Ngati kuzizira kungabwerere msanga timaso tisanatseguke, zipatso zipulumuka. Bambo aja a kampeni, chaka chotsatira cha 2013 mitengo yawo inabereka mpaka nthambi kulendewera pansi, ndipo Michigan yonse inakolola mabushelo pafupifupi 30 miliyoni. Anandibweretsera thumba lodzaza kutchalitchi, n'kundiuza kuti ngongole ya chaka chija anali asanaimalize.