Kodi sola ndi ya anthu andalama okha?

FUNSO: Akonzi, ndimagulitsa vitumbuwa pamsika wa Kapata, ndimakhala ku Mchini. Malaiti akapita, ana amawerengera kandulo, foni ndimakatchajitsa kwa eni. Nditafunsa mtengo wa sola ya padenga ndinangogwira pakamwa. Kodi ife ovutika tingaikwanitse bwanji?
Mayi wa ana atatu, Chipata

YANKHO: Amayi, amene anakutchulirani mtengo uja ayenera kuti ankawerengera nyumba ya firiji, nsimbi ndi chitofu. Nsimbi yokha imadya mawati 1,000 kapena kuposa. Zimenezo zisiyeni kaye.

Tiwerengere limodzi. Mababu anayi a LED a mawati 5, akayaka maola asanu usiku uliwonse, mukaonjezapo mafoni awiri, panelo ya mawati 50 ikukwanirani ndi dzuwa la kuno kummawa. Mukafuna TV, kwerani pa mawati 100.

Ndalama zenizeni zimathera pa batire, ndipo apa m'pamene ambiri amapsa. Chonde musagule batire ya galimoto ngakhale itchipe chotani. Inapangidwira kulizira injini, osati kukamidwa usiku wonse, ndiye sichedwa kufa. Ya lithiamu imawawa pogula koma imakhalitsa. Komanso pakati pa panelo ndi batire pazikhala kontrola, kachipangizo koteteza batire kuti isatchajike mopitirira muyeso. Ena amalumikiza mwachindunji, amvekere "imagwira bwinobwino". Imagwiradi, mpaka batire itafufuma.

Pali makampani monga Sun King ndi MySol amene amapereka sola yaing'ono, inu n'kumalipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Njirayi si yoipa, koma musakopeke ndi ndalama ya patsiku. Afunseni kuti pomaliza mudzakhala mutapereka zingati, chifukwa zimaposa mtengo wa kashi. Dziwaninso kuti mukadumphitsa kulipira, kamakinako kamadzitseka. Ineyo ndikanakhala inu, ndikanadikira mwezi wanga wa chilimba n'kugula pakashi.

Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, ZESCO inkazimitsa malaiti maola ambiri ndipo ogulitsa sola anachuluka ngati bowa, abwino ndi achinyengo omwe. Musachoke m'sitolo popanda lisiti ndi pepala la waranti.

Panelo iyang'ane kumpoto, kutali ndi mthunzi wa mango, ndipo m'miyezi ya fumbi, Ogasiti mpaka Okutobala, muziipukuta ndi kansalu konyowa m'mawa isanatenthe. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, kambiranani ndi alandilodi musanaboole malata awo.