Kodi mayeso a CLEP angakufupikitsireni njira yolowera sukulu ya unamwino ku America?

Talandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Indiana. Amagwira ntchito ya CNA (wothandizira anamwino) usiku kumalo osamalira okalamba, ndipo akufuna kulowa sukulu ya unamwino. Koleji yawauza kuti ayambe amaliza maphunziro oyambirira: Chingerezi, masamu, psychology, sociology, anatomy ndi microbiology. Funso lawo ndi lakuti, "Ndamva kuti pali mayeso olemba kamodzi n'kupatsidwa makirediti osalowa m'kalasi. Kodi ndingamalize onsewa motero?"

Mayi, ena mwa maphunzirowa mungawamalizedi ndi mayeso, koma a sayansi ayi. Ndipo musanalipire kalikonse, mupeze kaye yankho lolembedwa kuchokera ku dipatimenti ya unamwino ya koleji imene mukufuna kulowayo.

Mayeso amene mwamvawo ndi a CLEP, oyendetsedwa ndi bungwe la College Board. Alipo 34, amalembedwa pa kompyuta, ndipo ambiri amatenga mphindi 90. Malikisi ake amayambira pa 20 kulekeza pa 80. Bungwe la American Council on Education limalangiza kuti wopeza 50 apatsidwe makirediti (muyeso wa maphunziro amene munthu wamaliza ku koleji), koma koleji iliyonse ili ndi ufulu woika malire ake kapena kukana mayesowo. Mtengo ndi pafupifupi madola 100, kuwonjezapo ndalama yochepa imene malo olembera amalipiritsa. Kalasi imodzi ya makirediti atatu imadya ndalama zoposa pamenepo kangapo, komanso miyezi inayi ya nthawi yanu. Mukalephera, mumadikira miyezi itatu musanabwereze.

Amene akukukhudzani ndi Introductory Psychology, Introductory Sociology, Human Growth and Development, College Composition ndi College Algebra. Ngati sukulu ikufuna statistics, CLEP ilibe mayeso amenewo, koma alipo ku DSST, mtundu wina wa mayeso opereka makirediti, otchedwa Principles of Statistics. Kumeneko okhoza amayambira pa 400. Pa Chingerezi musamale, chifukwa pali College Composition ndi College Composition Modular. Oyambawo ali ndi zimangirizo ziwiri zimene amachonga anthu, n'chifukwa chake zotsatira zake zimatenga masabata angapo pomwe mayeso enawo mumaona malikisi pomwepo. Makoleji ena amalandira amodzi okha mwa awiriwa, ndiye mufunse kuti ndi ati.

Tsono pa sayansi mpamene pagona nkhani. Anatomy and Physiology, gawo loyamba ndi lachiwiri, komanso Microbiology, zilibe mayeso a CLEP. Kale sukulu ya ukachenjede ya Excelsior inali ndi mayeso a UExcel a maphunziro amenewa, koma anathetsedwa mu 2022, choncho malangizo akale amene mungawapeze pa intaneti asakusokonezeni. Mayeso a Biology ndi Chemistry alipo, koma sapereka umboni woti munagwira ntchito mu labu, pamene masukulu a unamwino amafuna sayansi yokhala ndi labu, kawirikawiri ya makirediti anayi. Ambiri amafunanso kuti sayansiyo ikhale ya posachedwa, yosapitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri. Ife tikuona kuti lamuloli n'loyenera. Namwino amene sanamvetse mmene impso zimagwirira ntchito adzavutika pa pharmacology (phunziro la mankhwala), adzavutikanso pa mayeso a NCLEX opezera laisensi ya unamwino, ndipo mapeto ake wovutika ndi wodwala.

Vuto limene limagwetsa anthu ambiri ndi la giredi. Mukakhoza CLEP, pa transcript (chikalata cha zotsatira zanu ku koleji) salembapo A kapena B. Amalembapo CR kapena P, kutanthauza kuti mwakhoza basi. Koma malo a unamwino ndi ochepa, makamaka m'makoleji a boma a zaka ziwiri, ndipo amasankha anthu powerengera mapointi a magiredi a maphunziro oyambirirawa. Masukulu ena salowetsa CR m'chiwerengerocho. Zikatero GPA yanu (avereji ya magiredi anu) imatsamira pa makalasi ochepa otsalawo, moti C mmodzi wa anatomy amakutsitsani kwambiri. Ena amawerenga CR ngati C, ndiye munthu amene akanapeza A m'kalasi ya psychology amataya mapointi chifukwa chofuna kufulumira. Enanso amanena mosabisa kuti phunziro lililonse loyambirira likhale ndi giredi ya chilembo.

N'chifukwa chake kufunsa ku ofesi yolembetsa ophunzira kokha sikukwanira. Iwo angakuuzeni zoona kuti koleji imalandira CLEP, koma dipatimenti ya unamwino ili ndi malamulo akeake. Lemberani mlangizi wa dipatimentiyo imelo, mutchule mayeso ndi dzina lake lenileni, mufunse nambala ya phunziro limene mayesowo akulowa m'malo mwake, malikisi ofunika, ndi mmene CR amaiwerengera posankha ophunzira. Yankholo mulisunge. Ngati mukufunsira malo m'masukulu awiri kapena atatu, zimene ndi zanzeru, aliyense mumufunse payekha, pakuti makirediti amene koleji ina yalandira sasamukira kwina okha. Koleji yatsopano imafuna malikisi ochokera ku College Board mwachindunji. Ndipo ngati mukulinga zodzapitiriza mpaka BSN (digiri ya unamwino ya zaka zinayi) mukamaliza ADN (ya zaka ziwiri), muoneretu malamulo a yunivesite imeneyonso.

Akakuyankhani kuti CR sikuchotserani mapointi, yambani ndi Sociology kapena Psychology. Mafunso ake ndi osankha yankho, pafupifupi 100. Webusaiti ya Modern States ili ndi maphunziro aulere okonzekera CLEP, ndipo mukamaliza phunziro lawo amakupatsani voucher yolipirira mayesowo. Human Growth and Development ibwere pambuyo pa Psychology chifukwa zambiri zimafanana, monga nzeru za akatswiri a psychology Piaget ndi Erikson, ndipo gawo la ukalamba mukulidziwa kale kuntchito kwanu. College Algebra musaithamangire ngati padutsa zaka zambiri chilembereni MSCE. Yesani kaye mafunso a chitsanzo mukuyang'ana wotchi. Polembetsa mumasankha kumene malikisi anu atumizidwe kwaulere, ndiye musankhe nthawi yomweyo, chifukwa kutumiza pambuyo pake kumalipiritsa. Musalembetsenso kalasi ya phunziro limene mukufuna kulilembera mayeso, popeza makoleji ambiri amakana makirediti a CLEP pa phunziro limene munaliyambapo kale.

Nthawi imene mwapulumutsayo muiike pa anatomy ndi microbiology. Kwa munthu wogwira ntchito usiku, sayansi imodzi pa semesita ndi yokwanira, ndipo cholinga chikhale A. Masukulu ena amawerenga kuti phunziro mwalibwereza kangati, ndipo amalola kubwereza kamodzi kokha.

Musasokoneze CLEP ndi TEAS kapena HESI A2. Awa ndi mayeso olowera sukulu ya unamwino, sapereka makirediti, ndipo ngati sukulu yanu imawafuna mudzawalembabe. TEAS ili ndi mafunso ambiri a thupi la munthu, choncho ndi bwino kuilemba mutangomaliza anatomy.

Simunanene ngati munaphunzirapo ku koleji kumudzi. Ngati munatero, tumizani mapepala anu ku bungwe lounika maphunziro akunja, monga WES, mupemphe kuti aunike phunziro lililonse palokha. Mwina ena mwa maphunziro amene mukufuna kulembera mayesowa muli nawo kale. Kwa owerenga amene ali pa viza ya ophunzira ya F-1, makirediti a CLEP sawerengedwa pa makirediti 12 amene mukuyenera kulembetsa semesita iliyonse.