Za nkhanu ija, asuweni

Asuweni, uthenga wanu ndaumva. Mukuti nkhanu imakhala ndi moyo zaka zingati... Mmm. Inutu ndimakudziwani. Kuyambira tili ana, mukaswa mbale munkayamba kufunsa kuti mbaleyo inagulidwa liti. Mwanena kuti mwana anaigwira kumalo oonetsera zamoyo zam'madzi, mu thanki ija amalola anthu kupisamo manja, ndiye pobwereranso munaipeza ili gada, yong'ambika kumbuyo, osagwedezeka. Eya.

Mukuwakumbuka amalume aang'ono ndi thanki yawo yagalasi? Ayi, ndanama, aakulu, chaka chomwe anabwerera chija. Tsiku lina m'mawa anapeza nkhanu yawo ili kwala. Kuinyamula, yopepuka ngati pepala. Anati basi yafa, n'kuyamba kuchotsa miyala kuti atsuke thanki. Atakoka mwala wapakona mwamphamvu, pansi pake panali nkhanu yeniyeniyo, yamoyo, yofewa ngati kansalu konyowa. Mwalawo unaidula mwendo. Amalume anangokhala pansi, tsiku lonse osayankhula, mayi anachita kuwaitana katatu. Kuyambira pamenepo ankaisiya yokha, osakhudza ngakhale galasi. Patapita miyezi inafundulanso, ndipo mwendo uja unatuluka, waung'ono, wowonda. Anatidzutsa tonse kuti tikaone. Inu munalipo... kapena munali kwa agogo? Kaya.

Ndiye amalumewo ndi amene anandiphunzitsa. Chigoba cha nkhanu sichikula. Thupi likathina, imapanga china chofewa m'kati, imamwa madzi ambiri n'kufufuma, chakalecho chimang'ambika kumbuyo, iyo n'kutuluka chafutambuyo. Imasolola miyendo yonse, zopanira zija, ngakhale khungu la maso ndi la zopumira limatsala m'chakalecho. N'chifukwa chake chotsalacho chimaoneka ngati nkhanu yathunthu. Yakufa imalemera ndipo imanunkha, pamene chigoba chabe chimapepuka, chimatseguka ngati chivindikiro, m'kati mulibe kanthu. Mwini wake amakabisala masiku angapo mpaka chatsopano chilimbe, chifukwa akakhala wofewa choncho nkhanu zinzake zimatha kumudya.

Tsono, asuweni... mwanayo sanaphe nkhanu. Kufundula kumayamba m'kati masiku ambiri chigoba chisanang'ambike, kadzanja kake sikanayambitse zimenezo. Mmene mwafotokozeramu, chimene munaona ndi chovala chimene yavula, yeniyeniyo inali pansi pa mwala kapena ogwira ntchito anaipatula kale.

Mukadzapitanso, mudzamuuze akhudze ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono, osaitulutsa m'madzi, ndipo m'manja musakhale sopo kapena mafuta odzola. Yobisala aisiye. Koma lero lino, asanagone, mumuuze kuti sanaiphe. Ndipo nanunso, poti ndikudziwa simunagone dzulo, simunalakwitse pomulola kuigwira. Mwamva? Sanaiphe. Mumupatse foni mawa ndimufotokozere za mwendo wa nkhanu ya amalume.