Mafunso a Owerenga: Tili ndi Cahora Bassa, Nanga Nkhuni Tizisamaliranji?

FUNSO: Ndine mayi wa ana asanu ndipo ndimakhala kunja pang'ono kwa tawuni ya Ulongué, m'boma la Angónia. Gulu lathu la amayi a kutchalitchi laitanidwa kukaphunzira kwa masiku atatu kaumbidwe ka mbaula zadothi zimene akuti sizidya nkhuni zambiri. Bambo a kunyumba sakugwirizana nazo. Iwo akuti chigawo chathu cha Tete chili ndi damu la Cahora Bassa ndiponso malasha a ku Moatize, choncho chofunika n'kutikokera magetsi, osati kutibwezera ku dothi. Ine mtima wanga uli pawiri, chifukwa nkhuni zimene kale tinkatola kuseri kwa munda, lero ana anga aakazi amalawirira m'mamawa n'kubwera nazo dzuwa lili pamutu. Kodi ndipite?
Mayi wa ku Ulongué

YANKHO: Mayi, pitani, koma bambo a kunyumba musawatsutse pa zonse, pakuti mbali ina akunena zoona. Damu la Cahora Bassa, limene linamalizidwa mu 1974 pa mtsinje wa Zambezi pafupi ndi tawuni ya Songo, lili ndi makina asanu opukusa magetsi okwana mamegawati 2,075 onse pamodzi. Atsamunda a Chipwitikizi analimanga ndi cholinga chogulitsa magetsi ku South Africa, n'chifukwa chake gawo lalikulu limayenda pa nthambo zotalika makilomita oposa 1,400 mpaka kukafika ku siteshoni ya Apollo kufupi ndi Johannesburg. Dziko la Mozambique linatenga ulamuliro wa damuli mu Novembala 2007, ndipo mu 2018 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Energia para Todos yofuna kuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi. Munthu wa m'chigawo cha Tete akamafunsa kuti nthambo zifika liti pakhomo pake, akufunsa funso loyenera. Za malasha tisatayepo nthawi: ambiri amanyamulidwa pa sitima kupita ku madoko, kukagwira ntchito m'ng'anjo zosungunulira zitsulo kunja kwa dziko, ndipo utsi wake si woti munthu aphikire nsima m'khitchini.

Pamene ndikusiyana ndi bambowo ndi apa. Kufika kwa magetsi sikuzimitsa moto wapamafuwa. Mukayenda mumzinda wa Tete, m'nyumba zambiri zoyaka mababu mupeza nyemba zikubwata pa makala panja, ndipo chifukwa chake ndi masamu osavuta. Babu la LED la mawati 9, likamayaka maola asanu usiku uliwonse, silimaliza yuniti imodzi ndi theka pa mwezi wathunthu, pamene mbaula yamagetsi ya mawati 1,000 imadya yuniti imodzi pa ola limodzi lokha. Mphika umodzi wa nyemba zouma ukhoza kudya magetsi oposa amene babulo lingadye m'miyezi iwiri. Choncho ngakhale mitengo ya magetsi itadzalidwa mawa m'mudzi mwanu, ana anu adzawerenga ndi kuwala kwabwino, foni mudzatchaja pakhomo, koma nkhuni zidzafunikabe kwa zaka zambiri ndithu.

Tsono taonani moto wanu madzulo ano musanateleke mphika. Malawi amatulukira m'mipata itatu ya pakati pa mafuwa, kamphepo kakawomba amapendekera mbali imodzi, ndipo chikuni chachikulu chimapitiriza kunyeka ngakhale nsima itapakulidwa kale. Akatswiri amene anayeza moto wotere amapeza kuti kutentha kumene kumalowadi mumphika nthawi zambiri sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu, kotsalako kumathawira m'mlengalenga. Mbaula yadothi imatsekera moto m'kati, imautchinjiriza ku mphepo, ndipo imakakamiza malawi kudutsa m'kampata kakang'ono pansi ndi m'mbali mwa mphika. Pakhomo pake pamalowa tinkhuni tiwiri kapena titatu tokha, ndipo imayaka bwino ndi zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo, zinthu zimene ku Angónia sizisowa mukakolola.

Koma musakhulupirire mawu anga kapena a aphunzitsiwo popanda kuyeza nokha, ndipo pamenepa ndi pamene ndikufuna kuti mumvetsetse. Anthu ambiri akamva mawu akuti kafukufuku amaganiza za anthu ovala zoyera a ku yunivesite, chonsecho kafukufuku wa mbaula amene ali ndi phindu amachitikira m'khitchini, ndipo chida chake ndi sikelo yokoloweka ija imene ogula soya ndi mbatatesi amagwiritsa ntchito. Bwerekani sikeloyo. M'mawa uliwonse kwa masiku asanu ndi awiri yezani mulu wa nkhuni zouma zimene mukuganiza kuti zikwanira, phikani pamafuwa monga mwa masiku onse, ndipo m'mawa wotsatira yezani zotsala n'kulemba m'kope, pamodzi ndi chiwerengero cha anthu amene anadya ndiponso ndiwo zimene munaphika. Mukapeza mbaula, chitaninso chimodzimodzi kwa sabata ina ndi nkhuni za mtundu womwewo. Imeneyi ndi njira yomwe akatswiri enieni amatsata, ndipo kopelo likadzadza mudzaliike m'manja mwa bambo a kunyumba kuti awerenge okha. Amayi khumi a m'gulu lanu akachita zimenezi, mudzakhala ndi umboni wa m'dera lanu umene palibe mlendo angautsutse.

Kumaphunziroko musakakhale chete ngati alendo, chifukwa pali zinthu zimene inu mukuzidziwa kuposa wophunzitsa. Mukawauze kuti ku Angónia ndi ku Tsangano chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimafuna moto wowotha, ndipo mbaula yosunga kutentha m'kati siifunditsa nyumba ngati mafuwa. Mukafunse ngati mbaulayo ipirira mthiko pamene mukuvundula nsima ya anthu asanu ndi awiri, komanso kuti mbewu ya chimanga imene mumapachika pamwamba pa moto kuti utsi uiteteze ku anankafumbwe idzasungidwa bwanji. Mbaula zambiri zinasiyidwa kuseri kwa nyumba chifukwa ozipanga sanafunse mafunso amenewa kwa ophika. Ndiponso masiku atatu ndi okwanira kuphunzira kuumba kokha. Dothi la mtapo limafunika kuvundikiridwa kuti lifewe bwino, mbaula ikaumbidwa imauma pamthunzi kwa masabata angapo, kenako imawotchedwa, ndipo pa kuwotchapo ndi pamene zambiri zimang'ambika. Musakachoke musanamve tsiku limene mphunzitsi adzabwerenso kudzaotcha nanu zoyambazo.

Za utsi ndinene mosabisa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Mbaula yadothi imachepetsa utsi koma siiuthetsa, choncho phikirani pamalo podutsa mphepo, ndipo mwana wakhanda asakhale kumsana pamene mukupemerera moto. M'nyengo yozizira musagone ndi makala oyaka m'chipinda chotseka, pakuti amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha ndiponso suoneka.

FUNSO: Ndine mnyamata wa zaka 22 wa kufupi ndi Furancungo, m'boma la Macanga. Ndinamaliza kalasi 12 koma ndimawotcha makala kuti ndithandize amayi anga ndi abale anga aang'ono. Chimandiwawa n'chakuti ndikagwetsa mitengo yambiri, pofukula uvuni ndimapeza phulusa lochuluka ndi zikuni zosapsa, matumba a makala n'kukhala ochepa. Kodi pali njira yabwino? Nanga munthu ngati ine angaphunzire kuti za mphamvu ndi magetsi?
Mnyamata wa ku Macanga

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kulemba poyera za ntchito imene ambiri amaichita mobisa. Uvuni wokwirira ndi dothi umene ambiri amagwiritsa ntchito umatha kudya makilogalamu asanu ndi awiri mpaka khumi a mitengo kuti utulutse kilogalamu imodzi yokha ya makala, ndipo zimene mwaonazo zili ndi zifukwa ziwiri zosiyana. Phulusa limatanthauza kuti mpweya unalowa wambiri, mitengo n'kunyeka m'malo mosanduka makala. Zikuni zosapsa zimatanthauza kuti mitengo inali yaiwisi kapena kutentha sikunayende mofanana mu uvuni monse.

Yambani ndi kudekha. Mitengo mukaidula muisiye iume kwa masabata angapo, chifukwa mtengo wauwisi umamaliza moto pophwetsa madzi ake omwe. Poyala, ikuluikulu ikhale pakati, ndipo mipata muitseke ndi timitengo ting'onoting'ono kuti musatsale mphako. Pali uvuni wina wotchedwa Casamance, dzina la dera la ku Senegal kumene unayambira, umene ndi wadothi womwewo koma uli ndi mipata ya mpweya pansi ndi chumuni cha migolo yolumikiza choimikidwa pambali. Chumunicho chimakoka kutentha kuti kuzungulire mulu wonse, ndipo m'manja mwa munthu wophunzitsidwa bwino makala amatuluka ochuluka kuchokera pa mitengo yomweyo. Phunziraninso kuwerenga utsi: woyera wochindikala ndi madzi akutuluka, ndipo ukayamba kupepuka n'kuoneka wobiriwira ngati thambo, mbali imeneyo yapsa, tsekani mipata yake msanga. Inunso yezani. Dziwani kulemera kwa mitengo yolowa ndi kwa makala otuluka pa uvuni uliwonse, chifukwa popanda manambala simungadziwe ngati kusintha kwanu kwathandiza.

Komabe uvuni wabwino pawokha subweza nkhalango. Mitengo ya m'nkhalango zathu monga tsamba ndi mombo imaphukanso pachitsa ngati yadulidwa bwino ndi kutetezedwa ku moto wolusa wa m'chilimwe, koma imafuna zaka zambiri, ndiye kudula malo amodzi chaka ndi chaka ndiko kumasandutsa phiri kukhala dazi. Makala ogulitsa amafuna chilolezo, ndipo lamulo limati 20 peresenti ya msonkho wa zankhalango izibwerera kwa anthu a m'dera limene mitengo yadulidwa. Kambiranani ndi anzanu ndi anyakwawa kuti mupange gulu, kenako mukafunse ndondomeko yake ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi ntchito zachuma ya m'boma lanu.

Za maphunziro, chigawo chathu si chouma. Mumzinda wa Tete muli sukulu yaukachenjede ya Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005 ndipo imadziwika ndi maphunziro a zamigodi. Yunivesite ya UniZambeze ili ndi nthambi ya zaulimi ku Ulongué ndi ina ya zaulimi ndi zankhalango ku Mocuba, m'chigawo cha Zambézia. Koma poona kuti banja likudalira inu, ine ndingakulangizeni kuyamba ndi maphunziro aafupi a ntchito zamanja amene bungwe la boma lophunzitsa ntchito la IFPELAC limapereka, monga a kulumikiza magetsi ndi kuwotcherera zitsulo. Wowotcherera akhoza kupanga machumuni ndi mbaula zamakala, ndipo wodziwa magetsi sadzasowa ntchito pamene nthambo ndi masola zikulowa m'midzi.

FUNSO: Ndine mphunzitsi kufupi ndi Zóbuè. Ndinagula sola ndi batire, koma chaka chisanathe batire yasiya kusunga moto. Ndalakwitsa pati?
Mphunzitsi wa ku Zóbuè

YANKHO: Aphunzitsi, kawirikawiri chimapha batire yamtovu ndi kuikama mpaka kutheratu usiku uliwonse. Batire yotere siyenera kutsika kupitirira theka, ndipo pakati pa iyo ndi sola pamafunika kachipangizo kowongolera moto, kamene ambiri amakasiya pofuna kupulumutsa ndalama. Werengerani mawati a chinthu chilichonse, muchulukitse ndi maola amene chimayaka, kuti muone ngati katunduyo sakuposa mphamvu ya batire. Popeza tili kum'mwera kwa dziko lapansi, sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti madzi amvula azitsetsereka, pamalo posafika mthunzi wa mtengo kapena wa denga. M'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, muziipukuta ndi kansalu konyowa kamodzi pa sabata, m'mamawa galasi lisanatenthe.