Kodi anthu amene Columbus anawapeza ku America tiziwati Amwenye?

Mphunzitsi wina wa ku Dedza wafunsa. Akuti akamaphunzitsa mbiri ya America amamasulirako m'Chichewa kuti ana amve bwino, ndiye amati "Columbus anatulukira America mu 1492 ndipo anapezako Amwenye ofiira." Akufuna adziwe ngati Chichewa chimenechi chili bhobho.

Aphunzitsi, funso lanuli landisangalatsa zedi, koma chiganizocho chili ndi zilonda ziwiri ndipo zonse zimandiwawa.

Tiyambe ndi Amwenye. Ine ndikukula agogo akati "thamanga kwa Mmwenye ukagule mchere ndi palafini" panalibe zofunsa kuti ndi ndani, timadziwa kuti ndi bambo wa sitolo uja makolo ake anachokera ku India, sikelo ili pa kauntala, nsalu zopindapinda zili mbwee m'mashelefu. Liwuli ine sindikayika linabwera ndi amalonda a kugombe, pa Chiswahili mwenye ndi mwini chinthu, mwini katundu, ndipo tamvani mmene likumvekera pafupi ndi "mwini" wathuyu kapena "mwene" wa anzathu achilhomwe. Ndiye mutenge liwu la munthu wa sitolo ku Limbe mukalipachike pa munthu amene India sanamuonepo ngakhale kutulo? Ayi ndithu. Amene anasokoneza ndi Columbus, iye ankafuna njira yopita ku Asia podzera kumadzulo, pa 12 Okutobala 1492 n'kukocheza pa chilumba cha Guanahani ku Bahamas, basi n'kuganiza kuti wafika, anthu a kumeneko n'kuwatcha indios. Anthuwo anali Ataino. Kusokera kwa munthu mmodzi azungu akhala nako zaka zoposa 500, ife tikutengerenji n'kukuveka Chichewa? Za "ofiira" zo ndiye musiyiretu, eni ake amalimva ngati chipongwe.

Chilonda chachiwiri ndi kutulukira. Mawu amenewa tikungowamwaza masiku ano pa wailesi ndi m'mabuku omwe, koma munthu amatulukira chinthu chobisika chimene anthu sankachidziwa, monga mankhwala a nthenda. Sungatulukire mudzi woti muli anthu akusinja, ana akusewera pabwalo. Cha m'ma 1100 kufupi ndi pamene pali St. Louis lero kunali mzinda wa Cahokia, anthu masauzande ambiri, ataunjika zitunda zadothi zazikulu ngati timapiri zimene zilipo mpaka pano. Ku Mexico kunali Tenochtitlan, mzinda womangidwa pakati pa nyanja, umene Cortés, mtsogoleri wa asilikali a ku Spain, anaugwetsa mu 1521 nthomba itapha kale anthu osawerengeka. Ifenso tinaphunzitsidwa kuti Livingstone anatulukira nyanja mu 1859, ndipo ndikukumbuka mkulu wina wa ku Nkhotakota akupukusa mutu, amvekere nanga usipa makolo athu ankaugwira kuti? Nenani kuti Columbus anafika. Pa bolodi lembani kuti "Columbus anafika ku America mu 1492 ndipo anapezako eni nthaka." Eni nthaka ndi Chichewa chokhwima, mwana aliyense amva. Ndipo pamene mukudziwa dzina la mtundu litchuleni, Ataino, Apowhatan, Awampanoag, monga ife timafunira kutchedwa Achewa kapena Atumbuka.

Obwerawo muziwati atsamunda, liwu ili ndiye ndimalikonda koopsa chifukwa munda ukumveka m'kati mwake, mwini munda waukulu wolimitsa anthu ena. Ku America likukwana ndendende. Angelezi anakhazikika ku Jamestown mu 1607 pa nthaka ya Apowhatan, njala inatsala pang'ono kuwamaliza, chinadzawapatsa chuma ndi fodya amene John Rolfe anayamba kulima cha m'ma 1612, ndipo fodya amadya nthaka, aliyense amene analimapo akudziwa, ndiye chaka ndi chaka ankalanda minda ina. Mu 1619 anthu a ku Africa ogwidwa ku Angola anatsitsidwa m'dera lomwelo, pa gombe la Point Comfort. Ku Plymouth nako amene anafika mu 1620 anaphunzitsidwa kudzala chimanga ndi Tisquantum, mwini nthaka.

Apa ndiye pamene mtima wanga uli, aphunzitsi. Anawo auzeni kuti anthu amenewa ali m'kamwa mwawo tsiku lililonse. Chimanga chinayamba kulimidwa ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, kuno chinalowa kudzera kugombe, ndipo ine ndimati dzinalo ndi chi-Manga, chinthu cha ku Manga, mmene a kugombe ankatchulira dziko la Aluya. Fodya ndi mbewu ya ku America koma dzina tinabwereka kwa Apwitikizi, folha, kutanthauza tsamba, lilime lathu n'kulikonza. Nanazi ndi liwu la anthu a ku Brazil lomwe Apwitikizi anangolinyamula. Koma mbatata! Apwitikizi amati batata, ndipo batata ndi liwu la Ataino omwe aja anamulandira Columbus, ife tinangowonjeza m kutsogolo kuti lizimveka ngati mbale ndi mbuzi. Mayi akamakuwa pa msika wa Lizulu kuti mbatata yotsekemera pano, akutchula liwu la mtundu umene unatsala pang'ono kutheratu ndi nthomba ndi ntchito yakalavulagaga m'migodi ya golide pa chilumba cha Hispaniola.