Commit imene munakopera ija inachokera kuti?

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo yokhudza Git, pulogalamu yosunga mbiri ya code m'magulu a zosintha otchedwa ma commit, yofunsa kuti: "Tinatenga commit yokonza vuto ku main n'kuiika ku branch ya release pogwiritsa ntchito cherry-pick. Papita miyezi, ndipo palibe akukumbukira kuti inachokera pa commit iti. Kodi Git imasunga zimenezi?"

Achimwene, ayi, siisunga. Cherry-pick, lamulo lokopera commit kupita ku branch ina, imabala commit yatsopano, yokhala ndi hash (nambala yoizindikiritsa) yakeyake ndi kholo lina. Uthenga, dzina la wolemba ndi tsiku limene analemba zimabwera nayo, koma chingwe chobwerera kumene inachokera palibe. Subversion, pulogalamu ina yogwira ntchito ngati ya Git, imasunga zoterezi mu svn:mergeinfo kuyambira mu 2008, koma Git inasankha njira ina.

Kuyambira lero muzilemba git cherry-pick -x. Kachilembo kameneka kamawonjezera mzere kumapeto kwa uthenga wonena hash ya commit yoyambirira, ndipo tsiku lina git log --grep idzakupezerani mosavuta. Osamalira ma branch a stable a Linux kernel nawonso amalemba hash ya commit ya upstream (ya ku branch yaikulu kumene akopera) pamwamba pa uthenga wa zimene akopera. Kungoti -x musaigwiritse ntchito ngati mukukopera kuchokera ku branch imene ili pa kompyuta yanu yokha. Hash imene anzanu sangaipeze ikungowasocheretsa.

Nanga zakale zija? Yesani git log --oneline --cherry-mark main...release. Apa Git siyang'ana hash. Imawerengera patch-id, nambala yochokera pa mizere imene inasinthidwayo, ndipo ma commit ofanana imawaika chizindikiro cha = kutsogolo. Imakuwonetsani kuti mapasa alipo mbali zonse ziwiri, kuwalumikiza ndi ntchito ya maso anu.

Pamene njirayi imagwa mphwayi ndi pa conflict, pomwe zosintha za mbali ziwiri zawombana. Mukakonza conflict pamanja, ngakhale mzere umodzi, patch-id imasintha ndipo mapasa aja sadziwananso. Zinandichitikirapo kuntchito ina: ndinataya masana onse, tiyi mpaka kuzizira, ndikukhulupirira kuti fix ina sinafike ku release, pamene inalimo kale. Mnzanga anali atangosinthamo dzina la variable. Chinandipulumutsa ndi tsiku la wolemba, chifukwa linali lofanana mbali zonse mpaka pa sekondi. Inunso lembani git log --all --format="%h %ad %s" n'kufananiza masikuwo.

Ngati munthu anachita kukopera code pamanja kuchoka mu fayilo ina, yesani git blame -C -C -C pa fayiloyo. Imachedwa pa repo yaikulu, koma kawirikawiri imaulula fayilo imene mizereyo inabadwira.