Ndalama ya chilimba yakhala m'foni miyezi itatu: ndi khalidwe kapena matenda?

Amayi ena a ku Matero atilembera kuti analandira K4,000 ya chilimba miyezi itatu yapitayo, koma mpaka lero ili m'foni. Akulephera kusankha pakati pa kuwoda belo la salaula ndi kudzaza katundu m'kantemba. Afunsa achemwali awo, abusa ndi anzawo anayi. Chawaopsa kwambiri n'choti ngakhale pa Soweto Market amaima theka la ola akusinkha za kapenta ndi nyemba, kenako n'kubwerera chimanjamanja. Abambo akunyumba akuti ndi ulesi. Funso lawo n'lakuti: "Kodi ndinabadwa choncho, kapena ndikudwala?"

Amayi, ulesi ayi. Waulesi mutu sumuwawa ndi kapenta. Ndiponso kuchedwa pa nkhani ya bizinesi sikodabwitsa, popeza ndalama yake munaisonkha movutikira. Chotidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi ndiwo zija. Zinthu zazing'ono zikayamba kulemera ngati zazikulu, vuto silikhalanso kusowa nzeru kapena malangizo.

Zimayenda chonchi. Mukati musankhe, mtima umagunda, m'mimba mumatentha. Mukanena kuti "ndiona mawa" kapena mukaimbira wina kuti akuuzeni, mtima umakhala pansi nthawi yomweyo. Mpumulo umenewo ndiwo msampha, chifukwa ubongo umaphunzira kuti kuthawa ndiwo mankhwala, ndipo mawa lake mantha amabwera atanenepa. Munthu wachisanu ndi chiwiri amene mudzamufunse sadzakuuzani chatsopano. Adzangokupatsani tulo ta usiku umodzi. Anthu angakuponyereni mwambi woti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusi chinamugwetsa ndi dyera. Inu chakugwirani ndi mantha olakwitsa, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Tsono muzu wake ungakhale uti? Pa zizindikiro 9 zomwe madokotala amayang'ana pa matenda ovutika maganizo, aja amati depression, chimodzi ndi kulephera kuika maganizo pamodzi kapena kusankha. Amati ndi matendawo ngati zizindikiro zosachepera 5 zakhalapo pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri, ndipo chimodzi mwa izo chikhale kusweka mtima kapena kusakondwanso ndi zomwe munkazikonda. Zina ndi tulo tosokonekera, kusintha kwa kadyedwe, kufooka, kudziona wachabechabe ndi maganizo a imfa. Wodwala matendawa amalephera kusankha chifukwa palibe chikumukoka. Kapenta ndi nyemba zonse n'zosakoma.

Wa nkhawa yopitirira ndi wosiyana. Kwa iye chilichonse n'chachikulu, mutu umangoti "nanga zikavuta?", khosi ndi mapewa zimauma, tulo timavuta. Madokotala amaiwerengera ngati matenda ikatha miyezi 6 ikusokoneza moyo. Palinso matenda a maganizo obwerezabwereza otchedwa OCD: munthu amasankha ndithu, koma chikayiko chimabwerera, n'kuyamba kubwereza, kufufuzanso, kufunsanso. Wa ADHD, matenda olephera kukhazikika pa chinthu chimodzi, vuto amakhala nalo kuyambira ali mwana, limodzi ndi kuiwalaiwala ndi kusiyira ntchito panjira. Thupi nalo lisaiwalike: kusagona mokwanira, kuchepa magazi, matenda a chithokomiro, mowa, ndi miyezi yoyamba mutabereka, zonsezi zimachititsa mutu kulemera.

Chimodzi tinene mosabisa. Ngati pakhomo mumakalipiridwa kapena kumenyedwa mukalakwitsa kagulidwe, mantha anu ali ndi chifukwa chenicheni, ndipo chofunika kukonzedwa ndi nkhanzazo, osati mutu wanu.

Poyambira ndi pa zazing'ono, osati pa K4,000. Kwa milungu iwiri, sankhani zinthu zitatu patsiku zomwe mukalakwitsa simungataye kanthu: ndiwo, chitenje chovala, minibasi yokwera. Chilichonse muchipatse mphindi 2 zokha pa wotchi ya foni. Nthawi ikatha musanasankhe, ponyani kobidi, mutsate chomwe yagwera. Mukhale ndi kope. Lembani mantha anu pa mulingo wa 0 mpaka 10 musanasankhe, mulembenso pakatha ola, ndipo madzulo mulembe chomwe chinachitikadi. Cholinga si kusankha bwino. Cholinga n'choti thupi lione lokha kuti mantha amatsika popanda kuthawa. Masiku oyamba adzakwera kaye, ndipo apa m'pomwe ambiri amasiyira poganiza kuti njirayo yakanika.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimaononga ntchitoyi. Choyamba ndi kubwerera kukasintha mutagula kale. Chachiwiri n'chobisika: kufunsa kuti "ndachita bwino?" mukafika kunyumba. Kumeneko n'kuthawa komwe kuja, kungoti kwavala zina. Auzeni achemwali anu kuti mukafunsa choncho azingoyankha kuti "mwasankha kale", basi.

Herbert Simon, amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 1978, anaonetsa kuti munthu sangathe kuyeza njira zonse. Amayenda bwino akaika mulingo wa chomwe chikukwanira, n'kutenga choyamba chofika pa mulingowo. Pa nkhani ya bizinesi chitani zomwezo. Musanayerekeze salaula ndi kantemba, lembani zofunika zitatu zokha, mwachitsanzo: ndalama ibwerere pasanathe mwezi, ndizitha kufika kunyumba ana asanagone, katundu asakhale wowola. Funsani anthu awiri okha, mmodzi wogulitsa salaula, wina wa kantemba, ndipo muwafunse za manambala: amawoda zingati, amagulitsa zingati pamlungu, chimatsalira n'chiyani. Abusa angakupempherereni, koma mtengo wa belo saudziwa. Kenako ikani tsiku, lisapitirire masiku 7, ndipo muuze munthu mmodzi tsikulo.

Chinanso, chepetsani kukula kwa chosankhacho. Simukukakamizidwa kugula belo lonse. Tengani K1,000, mukasankhe zovala kwa omwe amatsegula mabelo, mugulitse milungu iwiri mukulemba chilichonse. Zikakanika, mwataya pang'ono ndipo mwaphunzira zomwe miyezi itatu yoganiza sinakuphunzitseni. Kumbukiraninso kuti ndalama yokhala m'foni sikudikirani. Mitengo ikukwera, ndipo mayunitsi a magetsi, maliro ndi achibale opempha amaidya pang'onopang'ono mpaka kutha.

Maganizo akakugwirani usiku, alembeni papepala, muwaikire mphindi 15 masana otsatira. Mfundo yomangidwa 2 koloko usiku kawirikawiri imakhala ya mantha okhaokha. Ndipo ngati mwadziona pa zizindikiro za depression zija, zinthu zosabwezeka monga kuthetsa banja, kugulitsa poloti kapena kusiya ntchito zidikire kaye mpaka mutapeza bwino.

Popeza inu zafika pokulepheretsani kugula chakudya, pitani kukiliniki ya kwanuko mlungu uno. Musakangoti "mutu ukuwawa", angakupatseni panado n'kukubwezani. Kanenani kuti: "Ndikuganiza kwambiri, ndikulephera kusankha ngakhale zazing'ono, kwa miyezi itatu." Fotokozani za tulo, kadyedwe ndi mankhwala ena omwe mukumwa. Angakufunseni mafunso oyezera depression otchedwa PHQ-9, omwe mapointi ake amafika 27. Kuyambira pa 10 amaona kuti pakufunika chithandizo. Pemphaninso kuyezedwa magazi. Zikafunika angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama Hills, pa msewu wa Great East. Dzina la Chainama anthu amaseka nalo m'minibasi, koma kumeneko kumapitanso anthu oonana ndi dokotala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Chithandizo chokambirana chotchedwa CBT chimagwiritsa ntchito njira ngati ya kope ija, motsogozedwa ndi mlangizi. Mukapatsidwa mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, dziwani kuti amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti mphamvu yake ioneke bwino. Fluoxetine angakuonjezereni nseru ndi kusakhazikika mlungu woyamba. Amitriptyline amagonetsa ndi kuumitsa mkamwa. Ambiri amasiya pa mlungu wachiwiri poti "sakugwira", ena amasiya atangopeza bwino, matenda n'kubwerera. Kawirikawiri amamwedwa miyezi ina 6 munthu atachira, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono ndi dokotala. Diazepam, mankhwala okhazika mtima pansi, wogula mwamseri musamuyandikire: amatonthoza lero, koma thupi limamuzolowera msanga.

Ngati pabwera maganizo oti kuli bwino kufa, musadikire tsiku la kukiliniki. Uzani munthu wapafupi lero lomwe, imbani 933, nambala yaulere ya bungwe la uphungu la Lifeline, kapena pitani kuchipatala chilichonse chomwe chili chotsegula.